Latte wozizira wa vanila amaonongeka ndi madzi, osati khofi

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tithandize owerenga amene amayesa kukonza okha latte wozizira wa vanila kunyumba, koma chimene chimatuluka ndi madzi otuwa osamveka kukoma, shuga atakhazikika pansi pa tambula ngati mchenga. Zikatere ambiri amaloza chala khofi, ena amangoti popanda makina odula palibe chingatheke. Ife amene ntchito yathu ndi yokonza khofi tikukana. Kawirikawiri wolakwa amakhala madzi, amene amalowa m'chakumwachi mwakachetechete kudzera mu ayezi wosungunuka, mu khofi wosukuluka ndi mu mkaka wofunda.

Latte ndi mawu a Chitaliyana otanthauza mkaka, ndipo dzinalo likunena zoona: m'tambulamo mkaka ndiye wochuluka, khofi amakhala wochepa koma waukali. Pa tambula imodzi ya mamililita 400 pamafunika khofi waukali mamililita 40 mpaka 60, mkaka wozizira mamililita 150, manyuchi a vanila mamililita 15, omwe ndi supuni yaikulu imodzi, ndi ayezi wolemera magalamu pafupifupi 120. Muyezo wake ndi womwewo basi. Koma chilichonse mwa zinayi chili ndi msampha wake.

Tiyambe ndi ayezi, pakuti ndi amene anthu samumvetsa. Kutentha kumene kumachoka m'madzi otentha madigiri 80 mpaka atazizira kufika pa ziro n'kokwanira kusungunula ayezi wolemera chimodzimodzi ndi madziwo. Ndiye kuti mukathira khofi wotentha chonchi mamililita 60 pa ayezi, mwadziwonjezera nokha madzi ena pafupifupi mamililita 60. Mukathira kapu yathunthu ya khofi wamba, wa mamililita 200, ayezi yense wa m'tambulamo atha, chakumwa chikadali chofunda. N'chifukwa chake khofi ayenera kukhala wochepa ndi waukali: kutentha kolowa m'tambula kumachepa, ndipo mphamvu yake imapirira madzi amene asungunukewo.

Mkaka nawo uli ndi mlandu womwewo. Mamililita 150 ochokera m'filiji, ozizira madigiri 4, amasungunula ayezi wosapitirira magalamu 10. Mkaka womwewo ukakhala patebulo mpaka kufika madigiri 25, umasungunula magalamu opitirira 40. Palibe amene amaganizira zimenezi, koma kusiyana kwake kumamveka pakamwa.

Pali chikhulupiriro chakuti kuika ayezi wochepa kumachepetsa kusukuluka. N'zosemphana ndi zimene zimachitika. Kuchuluka kwa ayezi amene asungunuke kumadalira kutentha kumene kuli m'tambula, osati chiwerengero cha timibulu timene mwaponyamo. Mukaika timibulu tiwiri, timasungunuka tonse n'kutha, chakumwa osazizira mokwanira, madzi alowa kale. Mukadzaza tambula, chakumwa chimazizira msanga, kusungunuka n'kuchepa kwambiri pomwepo. Timibulu tikuluntikulu timapirira kuposa ayezi wophwanyaphwanya, chifukwa mbali yokhudzana ndi chakumwa imakhala yochepa. Mutulutseni m'firiza nthawi yomwe mukumufunayo, akadali wouma ndi wonamatira ku zala. Ayezi wonyezimira, wonyowa, wayamba kale kusanduka madzi. Ndipo madzi opangira ayezi akhale oti mungamwe osakayika, chifukwa kuundana sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Ayezi amene wakhala masabata m'firiza osavundikiridwa amatenga fungo la zimene wagona nazo, ndipo vanila sangabise fungo la nsomba.

Tsopano shuga. Shuga wa mchenga sasungunuka msanga m'zinthu zozizira, mungatakase mpaka dzanja kutopa. Chimene chimachitika n'chakuti pamwamba pamakhala powawa, pansi n'kukhala potsekemera monyanya. Mankhwala ake ndi manyuchi opepuka amene mumakonzeratu. Ikani shuga woyera magalamu 200 ndi madzi mamililita 200 m'kapoto, pamoto wochepa, muzitakasa mpaka timchenga tonse titasowa ndipo madziwo ayera mbee. Zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Musawasiye akubwata, chifukwa madzi akauma manyuchi amalimba, ndipo akazizira amaundana m'botolo. Muyezo umenewu umatulutsa mamililita pafupifupi 320, okwanira matambula 20 ndi kupitirira pang'ono. Mu supuni yaikulu imodzi muli shuga pafupifupi magalamu 9, ngati masupuni aang'ono awiri. Shuga wofiirira amagwiranso ntchito, koma fungo lake limapikisana ndi vanila. Ife timakonda woyera, kuti vanila amveke yekha.

Vanila amagulidwa m'mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi nthawi yake yolowera m'poto. Weniweni ndi nyemba yaitali, yakuda, ya chomera choyanga chimene kwawo ndi ku Mexico. Amadula chifukwa maluwa ake amatsegula tsiku limodzi lokha, ndipo m'minda mungu umaikidwa ndi manja, duwa ndi duwa. Njira imeneyi anaitulukira mu 1841 ndi Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, ndipo ndi yomwe alimi a ku Madagascar, dziko lolima vanila wambiri, akugwiritsa ntchito mpaka lero. Nyemba yabwino imakhala yofewa, yonona, yopindika pachala osathyoka. Ing'ambeni pakati motsata utali wake, mupale tinjere takuda ta m'kati ndi msana wa mpeni, muponye tinjereto ndi khoko lomwe m'manyuchi akadali pamoto. Pakatha mphindi zisanu moto uli wochepa, phulani, vundikirani, musiye kwa ola limodzi. Khokolo musataye, lilowe nawo m'botolo, lizipitiriza kupereka fungo.

Mtundu wachiwiri ndi wamadzi wolembedwa kuti vanilla extract, amene amapangidwa poviika nyemba zenizeni mu mowa waukali. Ku United States lamulo limati mowawo usachepere magawo 35 pa 100, ndiye amene samwa mowa mpang'ono pomwe awerenge botolo asanagule. Uyu amathiridwa manyuchi ataphulidwa kale ndipo ayamba kufunda, supuni yaikulu imodzi pa muyezo tatchula uja. Mukamuthira pamoto fungo limathawa ndi nthunzi: khitchini imanunkhira, botolo n'kukhala lopanda kanthu. Wachitatu ndi wolembedwa kuti essence, amene nthawi zambiri ndi vanillin, chinthu chopereka fungo la vanila, wopangidwa m'fakitale. Asayansi a ku Germany, Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann, anayamba kumupanga mu 1874. Sitimunyoza, m'chakumwa chozizira chodzaza mkaka amagwira ntchito ndithu. Kungoti fungo lake ndi lowongoka, lopanda zina zoperekeza, ndipo akachuluka amasiya kuwawa ngati kwa mankhwala. Yambani ndi supuni yaing'ono imodzi, mulawe, kenako muonjezere ngati pakufunika.

Ena amafuna kudumpha manyuchi n'kungodonthezera vanila m'tambula. N'zotheka, gawo limodzi mwa magawo anayi a supuni yaing'ono, koma dziwani kuti vanila payekha satsekemera. Mphuno imamva fungo n'kuyembekezera kutsekemera, lilime n'kupeza kuwawa. Pamafunikabe kashuga, ngakhale kochepa.

Manyuchi akazizira, thirani m'botolo lagalasi lotsukidwa ndi madzi owira, tsekani, sungani m'filiji. Amakhala masabata atatu kapena anayi. Akayamba kuchita mbuu, kutuluka thovu kapena kuoneka chuku pakamwa pa botolo, tayani onse. Chimene chimawaononga msanga ndi supuni imene yakhudza mkaka n'kubwereranso m'botolo.

Tifike pa khofi. Sankhani wokazinga mwapakatikati kapena wopsa moderako. Wokazinga pang'ono amakhala wowawasa, ndipo kuwawasako kukakumana ndi mkaka wozizira kumamveka ngati mkaka wasasa. Ngati muli ndi chogayira, gayani nthawi yomweyo, pakuti khofi wogaya amataya fungo msanga kuposa wa njere.

Amene muli ndi makina a espresso, okankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu khofi wogaya, muyezo wozolowereka ndi khofi wogaya mosalala magalamu 18, amene amatulutsa khofi wamadzi magalamu 36 m'masekondi 25 mpaka 30. Akatuluka mothamanga, m'masekondi 15, amakhala wowawasa ndi wamadzimadzi: gayani mosalala kuposa apo. Akamadontha mokakamira kupitirira masekondi 40, amawawa ndi kuuma pakhosi: gayani mokhakhalako. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa chimene chakonza.

Koma makina si lamulo. Ketulo ya moka, imene Alfonso Bialetti anatulutsa ku Italy mu 1933, imapereka khofi waukali wokwanira bwino latte, ndipo ndi imene tingalimbikitse munthu woyamba kumene. Ili ndi zigawo zitatu: chapansi cha madzi, kasefa kapakati koikamo khofi, ndi chapamwamba cholandirira. Thirani madzi otentha kale m'chigawo chapansi, alekezere pansi pa kavalavu kam'mbali. Kavalavuko ndi kotetezera ngozi, sikayenera kumira. Dzazani kasefa ndi khofi wogaya mokhakhala pang'ono kuposa wa espresso, salazani ndi chala, koma musatsindire. Mphamvu ya nthunzi ya moka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya makina, ndiye khofi wotsindira amatseka njira, madzi n'kuyamba kuchucha m'mbali. Pukutani m'mphepete mwa kasefa kuti labala wa kunsi kwa chigawo chapamwamba agwire bwino, mangani ndi kansalu popeza chapansi chikutentha, ikani pamoto wapakatikati chivundikiro chili chotsegula. Khofi azikwera mwakachetechete ngati uchi. Akayamba kutuwa ndi kulira kuti kholokholo, phulani pomwepo, muziziritse chapansicho pampopi. Madzi omalizira amenewo ndiwo amabweretsa kuwawa kwa chinthu chopserera. Moka ya makapu aang'ono atatu imakwanira matambula awiri a latte.

AeroPress, kachipangizo kapulasitiki kokanikiza ndi dzanja ngati jakisoni, imene Alan Adler anatulutsa mu 2005, imafuna khofi magalamu 18 ndi madzi mamililita 80 okha, amene aphulidwa n'kudikira mphindi imodzi. Takasani, dikirani mphindi imodzi, kanikizani pang'onopang'ono kwa masekondi 30. Ndi French press, jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi, ikani magalamu 30 m'madzi mamililita 150 kwa mphindi zinayi. Musadabwe kuona kuti watuluka wochepa, chifukwa nsenga zimasunga madzi olemera pafupifupi kawiri kulemera kwake.

Pali njira ina imene imachotseratu vuto la kutentha, ngati mungathe kuganiza za mawa lero. Viikani khofi wogaya mokhakhala magalamu 100 m'madzi ozizira mamililita 500, vundikirani, ikani m'filiji maola 12 mpaka 18. Sefani kawiri, koyamba ndi sefa wamba, kachiwiri ndi pepala losefera khofi kapena kansalu koyera kosanunkha sopo. Musafinye, chifukwa kufinya kumalowetsa fumbi la khofi limene limakhazikika pansi pa tambula ngati matope. Mupeza mamililita pafupifupi 300, ndipo tambula imodzi imafuna 60 mpaka 80. Khofi wotere amakhala wofatsa, wosawawa kwenikweni, moti manyuchi mungachepetse. Chimene amasowa ndi fungo laukali lija la khofi wotentha. Amasungika m'filiji kwa sabata imodzi.

Khofi wa m'chitini wosungunuka pompopompo tisamutaye. Masupuni aang'ono awiri odzaza, m'madzi otentha mamililita 40, amakwana. Cholakwika chimene anthu amachita ndi kumukonza monga mwa masiku onse, kapu yodzaza, kenako n'kuthira pa ayezi.

Njira iliyonse yotentha imene mwasankha, musathamangire kutambula. Thirani manyuchi mu khofi akadali wotentha, takasani, musiye mphindi zitatu mpaka zisanu. Kuti azizire msanga, imikani kapuyo m'mbale ya madzi ozizira. Kapu yachitsulo imataya kutentha mofulumira kuposa yadothi. Digiri iliyonse imene yathawira kunja ndi ayezi amene wapulumuka. Koma musamusiye maola ali pamtunda, chifukwa khofi wophika akakhalitsa amasintha kukoma, amayamba kuwawasa ngati wadzulo.

Pa mkaka, wokhala ndi mafuta ake onse, pafupifupi magawo 3.5 pa 100, ndiwo umakoma kwambiri, popeza mafutawo amafewetsa kuwawa ndipo amapirira madzi a ayezi. Wochotsedwa mafuta umasukuluka msanga. Wa ufa sungunulani m'madzi ofunda motsatira muyezo wa pachitini, muuike m'filiji maola angapo. Mukausungunulira m'madzi ozizira umachita timibulu. Wongokama kumene uwiritsidwe kaye, uzizire, muchotse kakhungu kapamwamba. Mkaka wa soya uli ndi khalidwe lake: ukakumana ndi khofi wotentha ndi wowawasa umadukaduka n'kuyandama timibulu toyera. Khofi ali ndi asidi pang'ono, ndipo asidi pamodzi ndi kutentha zimagwirizanitsa mapuloteni. Mkaka wa ng'ombe umene watsala pang'ono kusasa umachitanso zomwezo, ngakhale ukununkhira bwinobwino. Kupewa kwake ndi kuziziritsa khofi, kusankha wopsa moderako, ndi kuthira khofi mu mkaka pang'onopang'ono m'malo mothira mkaka mu khofi. Mkaka wa soya kapena wa oats wolembedwa kuti barista umakhala ndi zoletsa asidi, ndiye sudukaduka wamba.

Kusonkhanitsa kwake n'kwachidule. Dzazani tambula ndi ayezi, thirani mkaka, kenako khofi wosakaniza ndi manyuchi uja. Okonda maonekedwe a mizere iwiri, woyera pansi wakuda pamwamba, asakanize manyuchi ndi mkaka m'malo mwa khofi. Shuga amaulemeretsa mkakawo, ndiye khofi wothira mofatsa pa kam'bulu ka ayezi kapena pamsana pa supuni amayandama pamwamba. N'zokongola pa chithunzi, koma musanamwe takasani ndithu. Chenjezo limodzi: tambula yagalasi lopyapyala imene yachokera m'firiza ingathe kung'aluka ikalandira khofi wotentha, ndiye mkaka uzilowa poyamba.

Ofuna thovu pamwamba atenge mkaka wozizira mamililita 50 ndi supuni yaing'ono ya manyuchi, akhutchumule m'botolo lotseka kwa masekondi 30 mpaka 40, kapena apope m'French press kangapo mpaka mkaka utafufuma. Apa zinthu zimatembenuka: mkaka ukakhala wozizira, wochepa mafuta ndiwo umachita thovu lolimba, wamafuta thovu lake limagwa msanga.

Polawa, kumbukirani kuti kuzizira kumagonetsa lilime ndi mphuno. Chinthu chomwecho chimamveka chotsekemera kwambiri chikakhala chofunda kuposa chikazizira, ndipo fungo la vanila limakwera pang'ono m'chakumwa chozizira. Choncho musaweruze manyuchi polawa khofi wotentha, lawani zonse zitasakanikirana. Vanila akapanda kumveka, onjezerani vanila m'botolo la manyuchi, osati manyuchi m'tambula, apo ayi muzingomwa shuga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti shuga wothira asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'zakudya patsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Masupuni aakulu atatu a manyuchi adya kale kupitirira theka la muyezowo. Kukawawabe ngakhale shuga alipo, kamchere kochepetsetsa, kongotsina ndi nsonga za zala, kamachepetsa kuwawa popanda kuonjezera kutsekemera. Kakamveka kuti ndi mchere, ndiye kuti mwapyola.

Chifukwa chakuti chakumwachi n'chozizira ndi chotsekemera, chimatsika pakhosi mosavuta, ndipo munthu amaiwala kuti muli khofi waukali. Espresso wa magalamu 18 uja amakhala ndi caffeine, chinthu cha mu khofi chothawitsa tulo, wopitirira mamiligalamu 100, ndipo khofi wa mtundu wa robusta ali ndi pafupifupi kawiri wa mtundu wa arabica. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linanena mu 2015 kuti munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 patsiku, ndipo amayi oyembekezera asapitirire 200. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la caffeine, ndiye tambula ya madzulo imakupezani pabedi. Khofi wochotsedwa caffeine amakonzedwa ndi miyezo yomweyi.

Kwa amene amamwa pang'onopang'ono, tambula imodzi ola lathunthu, ngakhale mutatsata zonsezi ayezi adzasungunukabe ndi kutentha kwa mpweya ndi kwa dzanja. Konzani khofi wamba, osati waukali uja, mumusiye azizire, mumuthire m'kathireyi ka ayezi. Akaundana, tulutsani timibuluto mutisunge m'chidebe chotseka kuti tisatenge fungo, ndipo titheretu m'masabata awiri. Ikani theka timibulu ta khofi, theka ta madzi. Mukaika ta khofi tokhatokha, kumapeto kwa tambula kumakhala kowawa kuposa koyambirira, komanso caffeine amaonjezereka. Pamenepo khofi wothira uja muchepetse kufika mamililita 40.

Ndife,
Okonza khofi ndi alangizi a zophika